Nsalu zikusuluka, phula likulowetsa utoto, tapestry ikuchepa pakati: tikulakwitsa pati?

Chiwondo_Mpondasi
Moni nonse apagulu. Ndife kagulu ka amayi ndi achinyamata amene tikuphunzira ntchito zamanja pamalo ena ophunzitsira kuno ku Mangochi. M'mawa timadaya nsalu, batiki (yojambula ndi phula kuti utoto usalowe pamenepo) ndi tie and dye (yoyamba yamangidwa isanadayidwe), masana timaomba tapestry, nsalu zazithunzi zopachika pakhoma zija, pa felemu yamisomali. Pali zinthu zitatu zatikanika. Nsalu imatuluka yowala bwino, koma ikangochapidwa kamodzi utoto umachucha, yofiira n'kusanduka yotuwa. Pamene tapaka phula utoto ukumalowabe, moti malo oyera sakhala oyera. Ndiye tapestry imayamba ndi masentimita 40 m'lifupi pansi, pofika pakati yatsala 34. Utoto ndi wa m'timapaketi ta m'sitolo, timathiramo mchere. Nsalu ndi yoyera ya pamsika. Odziwa tithandizeni, nsalu ikudula.

MayiWaBatiki
Tisanapite patali, achemwali, tiuzeni ziwiri. Papaketipo alemba kuti muwiritse nsalu mu utotowo kapena ayi? Kenako dulani kachidutswa m'mphepete mwa nsaluyo, mukagwire ndi pulayala, mukayatse. Thonje lenileni limayaka msanga, limanunkha pepala lopsa, phulusa lake ndi lotuwa ndipo limafumbutuka mukalikhudza. Poliyesitala amakhwinyata, amasungunuka, amanunkha pulasitiki, n'kusiya kampira kakuda kolimba. Yosakaniza imachita zonse ziwiri.

MwanaWaKuMalombe
Onjezerani mchere basi, ndi viniga pang'ono potsukuluza. Anthu amatero.

SodaAsh265
Ayi achimwene, apa ndiye pamene ambiri amatayira ndalama. Mchere sumanga utoto pansalu. Ntchito yake ndi kukankhira utoto kuchoka m'madzi kupita pa ulusi, koma sugwiritsa. Viniga amathandiza pa ubweya wa nkhosa ndi silika, chifukwa utoto wa zimenezo umafuna asidi. Pa thonje alibe ntchito. Mukhoza kuthira thumba lonse la mchere, nsalu idzachuchabe ngati utoto wake ndi wolakwika kapena nsalu si ya thonje.

Chiwondo_Mpondasi
Papaketi alemba kuti tiwiritse kwa mphindi 30, koma chifukwa cha phula timasungunula m'madzi ozizira. Kachidutswa kaja kayaka, kasiya phulusa pang'ono ndi kampira kolimba m'mphepete.

MayiWaBatiki
Ndiye mavuto ndi awiri pamodzi. Nsaluyo ndi yosakaniza, ndipo gawo la poliyesitala silimwa utoto wa thonje ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake yofiira imatuwa. Utotowo ndi wowiritsa, umalowa mu ulusi ndi moto, ndipo ngakhale muuwiritse bwino umapitirizabe kuchucha pang'onopang'ono pochapa. Ndi phula sungayendere limodzi, poti phula limasungunuka madzi asanafike n'powira pomwe.

Funani utoto wa reactive wa madzi ozizira, ambiri amaudziwa ndi dzina la Procion MX. Uwu umalumikizana ndi thonje lenilenilo pakakhala soda ash, ndiye ukagwira wagwira.

Yambani ndi kuchotsa sitachi ndi mafuta a kufakitale. Wiritsani nsalu kwa ola limodzi m'malita 5 a madzi, muli masupuni awiri aang'ono a soda ash ndi sopo pang'ono. Madzi amatuluka achikasu. Tsukuluzani, yanikani, sitani. Dontho la madzi likagwera pansalu yokonzeka limalowa nthawi yomweyo. Likakhala pamwamba, wiritsaninso.

Yezani nsalu ili youma. Pa magalamu 250 a nsalu: madzi malita 5, utoto magalamu 5 pa mtundu wapakatikati kapena 10 pa mtundu wakuda kwambiri, mchere magalamu 250, soda ash magalamu 50. Utoto muyambe mwaupondeza ndi timadzi tofunda m'kapu mpaka zibuluma zithe, kenako muthire m'beseni momwe mwasungunula kale mchere. Nsalu ilowe yonyowa. Itembenuzeni kwa mphindi 15 mpaka 20. Ikatero ikwezeni, thirani soda ash wosungunula kale m'madzi, takasani, bwezeraninso nsalu, ikhalemo mphindi 45 mpaka ola, mukuitembenuza pafupipafupi. Soda ash asathiridwe pansalu mwachindunji, amasiya mawanga akuda pamene wagwera.

Mlaza_Nkope
Soda ash ameneyu ndi soda wophikira therere uja?

SodaAsh265
Ndi pachibale koma si mmodzi. Wophikira ndi wofooka, utoto sugwira naye bwino m'madzi ozizira. Soda ash amapezeka kwa ogulitsa mankhwala opangira sopo ndi a m'madamu osambira, makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Akasowa mukhoza kumupanga: yalani soda wophikira m'chiwaya chouma chomwe simuphikiramo, muike mu uvuni wotentha madigiri 200 kwa ola, kapena pambaula mukutakasa. Amatulutsa nthunzi ndi mpweya, n'kusanduka wokhakhala. Kilogalamu imodzi imatsala pafupifupi magalamu 630. Sikelo ndi imene ikuuzeni kuti wapsa: kulemera kukasiya kutsika, watheka. Musungeni m'botolo lotseka.

GogoWaFelemu
Nanga chidulo? Madzi a phulusa nawonso ndi akhambi.

SodaAsh265
Chidulo chimagwira ndithu, agogo, koma mphamvu yake imasiyana malinga ndi chimene mwaotcha ndi madzi amene mwasefera. Lero mtundu utuluka wakuda, mawa wotuwa, osadziwa chasintha n'chiyani. Pochotsa sitachi pansalu n'chabwino. Pomanga utoto wa nsalu yogulitsa, gwiritsani chinthu choyezeka pasikelo.

NjuchiZaKuNamwera
Za phula tsopano. Utoto ukamalowa pansi pa phula, kawirikawiri n'chifukwa chakuti phulalo linapakidwa litazizira, ndiye linangokhala pamwamba osalowa mu ulusi. Tembenuzani nsalu muone kuseri. Phula lotentha bwino limaboola, mzere umaoneka wonyowa ndi wowonekera mbali zonse ziwiri. Ukaoneka woyera ndi wotukuka pamwamba, kuseri kulibe kanthu, linazizira. Pakaninso kuseriko. Likatenthetsa limayenderera kupitirira mzere ndipo limafuka utsi. Amene muli ndi choyezera, pakati pa madigiri 110 ndi 120 m'pabwino. Burashi izikhala m'phulamo kuti nayo itenthe, ndipo kuchoka mumphika kufika pansalu pasatenge nthawi.

Chachiwiri ndi kasakanizidwe. Makandulo okha amauma gwa, amasweka, n'kumasupuka m'beseni. Phula la njuchi lokha limapindika osasweka, koma ndi lodula ndipo limavuta kuchotsa. Yambani ndi theka kwa theka poyeza pasikelo. Mukafuna ming'alu yambiri ija imene anthu amaikonda pa batiki, ikani magawo 7 a kandulo pa magawo 3 a phula la njuchi. Pojambula mizere yaing'ono, monga mamba a chambo, phula la njuchi lichuluke.

Phula logula kwa alimi a njuchi muyambe mwalisungunula m'madzi otentha, mulisefe pa kansalu, lizizire. Zinyalala ndi uchi wotsalira zimakhala pansi pa chibuluma, mumazipala ndi mpeni. Uchi ukatsalira phula limamata ndipo limapserera.

Nsalu muikunge pa felemu popaka. Ikagona patebulo phula limamatirira pathabwa, pozula limang'ambika kuseri.

MayiWaBatiki
Ndiwonjezere za kutentha kwa kuno. Mu Okutobala ndi Novembala madzi a m'ndowa yakuda yosiyidwa padzuwa amafunda mokwanira kufewetsa phula. Dayani m'mawa, pamthunzi, madzi asapitirire madigiri 35. Nsalu ya phula isayanikidwe padzuwa. Beseni likhale lalikulu kuti nsalu isafinyike, ngakhale zitanthauze malita 10 m'malo mwa 5, bola mchere ndi soda ash muwirikizenso kawiri. Soda ash amadya phula la njuchi pang'onopang'ono, choncho ola likakwana tulutsani. Utoto wa reactive ukakumana ndi soda ash umatha mphamvu pakapita ola limodzi kapena awiri, kotentha kuno mwinanso msanga, ndiye wotsala m'beseni musausungire mawa ngakhale ukuoneka wakuda.

Ngalawa_Chembe
Chonde za moto musaziiwale. Phula likayaka musathire madzi, limaphulika n'kumwazikira anthu. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo kapena thirani mchenga. Pambaula makala akhale ochepa, ndowa ya mchenga pafupi, ana kutali. Likayamba kufuka, phulani.

MwanaWaKuMalombe
Ine ndimvetse za madzi. A m'nyanja kapena a pamjigo?

SodaAsh265
Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire ili ndi madzi olemera, ina ili ndi dzimbiri. Madzi olemera amazimitsa mtundu, dzimbiri limadetsa chikasu ndi kufiira. Yesani ndi sopo: akakana kuchita thovu, madziwo ndi olemera. Siyaninso ena m'botolo loyera usiku wonse, pansi pakakhala zofiirira ndiye kuti muli dzimbiri. A mvula ndi abwino kuposa onse. A m'nyanja amagwira bwino akadikha ndi kusefedwa, koma nthawi ya mwera amakhala ndi matope ambiri m'mphepete.

Ngalawa_Chembe
Kutunga m'nyanja inde, koma kutsukuluzira m'nyanja ayi. Anthu amamwa, amachapa ndi kusamba pomwepo, ndipo ku Cape Maclear kuno ndi m'dera la Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake. Kumbani dzenje la madzi a utoto kumtunda, mamita osachepera 30 kuchoka pa chitsime kapena mjigo, muikemo miyala, mchenga ndi makala.

Biriwita
Nonse mwathamangira reactive, koma pa batiki utoto wa vat, umene umasungunuka m'madzi ochotsedwa mpweya n'kugwira nsalu ikakumananso ndi mpweya, ndi umene ndingasankhe, makamaka indigo, wabuluu uja. Nsalu imakhala m'madzi mphindi ziwiri zokha, phula silipeza nthawi yowonongeka, ndipo mtundu susuluka msanga pochapa. Ngati mwapeza indigo wosungunuka kale uja wa timiyala, muyeso ndi uwu: madzi ofunda malita 15, indigo magalamu 20, hydros (sodium hydrosulphite, ufa wochotsa mpweya m'madzi a utoto) magalamu 50, soda ash magalamu 100. Takasani mozungulira pang'onopang'ono, vundikirani, dikirani ola. Pamwamba pamabwera thovu labuluu ndi kakhungu konyezimira, pansi pake madzi amakhala achikasu chobiriwira. Amenewo ndiye okonzeka. Nsalu ilowe yonyowa, mwakachetechete, isadonthezere m'ndowa potuluka, chifukwa mpweya ndi umene umapha utotowu. Imatuluka yobiriwira, n'kusanduka yabuluu ili pachingwe. Ipatseni mphindi 15 mpaka 20 mumpweya musananyikenso. Buluu wakuda amabwera ponyika kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Kusiya nsalu nthawi yaitali m'ndowa sikudetsa. Madzi a m'ndowa akasanduka abuluu, onjezerani hydros pang'ono, mudikirenso.

MayiWaBatiki
Pa indigo tikugwirizana, a Biriwita. Koma mitundu ina ya vat imafuna kositiki soda, ndipo awa ndi ophunzira. Kositiki amawotcha khungu, amachititsa khungu akalowa m'maso, amadya sefuliya za aluminiyamu, amadyanso phula la njuchi kuposa soda ash. Aphunzire kaye kuyeza ndi reactive.

Biriwita
Aphunzire bwino basi, osati kuwabisira. Kositiki amathiridwa m'madzi ozizira pang'onopang'ono, madzi sathiridwa pa kositiki. Ndowa ya pulasitiki, magolovesi aatali, magalasi, panja podutsa mphepo. Hydros asungidwe pouma, chifukwa akanyowa m'chitini amatentha yekha mpaka kuyaka. Ufa wa reactive nawonso si wopumira, vala chophimba mphuno pousungunula.

TelalaWaPaBoma
Amene phula lawadulira, pali njira ya phala. Ku Zimbabwe amapanga batiki ndi phala la ufa wa chimanga, ku Nigeria Ayoruba amagwiritsa sitachi ya chinangwa pansalu yawo ya adire. Phikani phala la ufa woyera losalala, lolimba moti likafinyidwa pansalu mzere uime osayenderera, mulisefe lisakhale ndi zibuluma. Ikani m'botolo lofinya lobowola pachivundikiro, jambulani, yanikani padzuwa mpaka liume gwa. Nsalu imakhwinyata, musadabwe. Apa dzuwa la Mangochi ndi bwenzi. Kusiyana kwake n'kwakuti simunyika nthawi yaitali, phala limafewa. Mumapaka utoto ndi burashi kapena siponji, ukauma mumanyowetsa n'kupala phalalo ndi supuni. Mukagwiritsa penti wa nsalu, sitani kuseri ndi simbi yotentha mphindi zitatu mpaka zisanu pamalo alionse musanachape. Nthawi ya mvula njirayi imavuta, phala limachita nkhungu lisanaume.

Chiwondo_Mpondasi
Zikomo kwambiri nonse. Nanga tie and dye muyeso wake ndi womwewo? Ndipo za tapestry sizinayankhidwe.

MayiWaBatiki
Wosiyana pang'ono. Mangani nsalu, muinyike mphindi 20 m'madzi a soda ash, magalamu 40 pa lita, finyani isamadonthe. Utoto ukhale m'mabotolo: masupuni aang'ono awiri mpaka anayi pa kapu ya mamililita 250, ndi supuni yaikulu imodzi ya urea, yemwe uja wa feteleza woyera. Urea amasunga chinyezi kuti utoto upeze nthawi yogwira. Mchere pano safunika. Mukathira, kulungani m'pepala la pulasitiki, ikhale pamthunzi mpaka mawa lake. Ikauma msanga utoto umasiya kugwira. Tsukuluzani ndi madzi ozizira musanamasule, kenako masulani, tsukuluzaninso, pomaliza chapani ndi madzi otentha ndi sopo mpaka madzi ayere. Utoto wotuluka pa kuchapa koyambaku ndi wotsalira umene sunagwire, si kusuluka.

Pomanga, malegeni odula mopyapyala amatseka bwino kuposa ulusi. Pa maluwa osoka, sokani mzere ndi twaini wa nayiloni wosokera maukonde, kokani mpaka nsalu ilimbe moti chala sichilowa, mangani mfundo. Nayiloni sadukira m'manja ndipo samwa utoto. Mitundu iyambire yowala kupita yakuda. Buluu pamwamba pa chikasu amabala wobiriwira, koma kufiira pamwamba pa wobiriwira kumabala matope.

GogoWaFelemu
Tapestry ikuchepa chifukwa ulusi wopingasa mukuudutsitsa mowongoka. Ganizirani njira imene umayenda: pamwamba pa ulusi woimirira, pansi pa wotsatira, pamwambanso. Njira yokhotakhota yotere ndi yaitali kuposa m'lifupi mwa nsalu. Mukaupatsa utali wongokwana m'lifupi, pougogoda umakoka ulusi woimirira wa m'mphepete kulowa mkati. Mzere uliwonse umaba pang'ono, pofika pakati masentimita 6 apita.

Mankhwala ake: mukadutsitsa ulusi, uikeni ngati timapiri, kalikonse kotalika masentimita awiri kapena atatu, kotambalala asanu mpaka asanu n'atatu. Tsinani kaye ulusi pa woimirira wa kumphepete kuti ukhote bwino osasiya lupu, kenako kanikizani pakati pa timapiriti ndi chala, pomaliza gogodani ndi foloko kuyambira kumene ulusi wachokera kupita kumene wathera. Mangani chingwe choimirira mbali iliyonse, masentimita awiri kuchoka m'mphepete, chosaombedwa, kuti diso liziona mpata ukakula. Yezani ndi tepi mukaomba masentimita atatu alionse. Yang'aniraninso mipata ya ulusi woimirira mkati mwa nsalu: pamene yayandikana onjezerani ulusi wopingasa, pamene yatalikirana chepetsani.

Imene yafika kale pa 34 siingabwerere ndi kunyowetsa kapena kukoka. Masulani mpaka pamene panali 39 kapena 40, muyambirenso.

Mlaza_Nkope
Felemu nayo imanamiza. Thabwa lopyapyala limapindika ulusi ukakungidwa, wapakati n'kukhwefuka. Pa felemu ya masentimita 60 ndi 80 gwiritsani matabwa a masentimita 5 mbali zonse, makona omanga ndi sikuluwu. Msomali uliwonse umanyamula ulusi uwiri, wokwera ndi wotsika. Mukafuna ulusi utatu pa sentimita, m'lifupi mwa 40 mulowa ulusi 120, ndiye misomali 60 pamwamba ndi 60 pansi. Ikhomeni m'mizere iwiri mosemphanitsa kuti thabwa lisang'ambike. Ophunzira ayambe ndi misomali yotalikirana sentimita imodzi, ulusi uwiri pa sentimita, n'kosavuta kuona cholakwika. Mukamaliza kukunga, yendetsani chikhatho pa ulusi wonse maso mutatsinzina, wokhwefuka umamveka. Kokani umodziumodzi kuchokera mbali imodzi mpaka ina musanamange mfundo yomaliza. Pansi yambani ndi mizere ingapo ya twaini yemweyo kuti mipata ifanane.

MwanaWaKuMalombe
Woimirira ndiye twaini wa maukonde uja, ndi wolimba zedi ndipo ali ponseponse kuno.

GogoWaFelemu
Kulimba ndi wolimba, mwanawe, koma ndi woterera ndipo amatamuka. Ulusi wopingasa sukhazikika pa iye, umakwera n'kutsika, mfundo za kumapeto zimamasuka. Funani twaini wa thonje wopota kwambiri. Muyese pokoka ndi manja awiri, asaduke, asatamukenso. Wa nayiloni musiyireni a MayiWaBatiki omanga nsalu.

TelalaWaPaBoma
Ubweya wa nkhosa kuno ndi wosowa, wulu wa m'masitolo ambiri ndi acrylic. Amaombeka, koma sadayika ndi utoto wa thonje, mugule mtundu umene mukuufuna. Majuzi a pakaunjika olukidwa ndi ulusi wokhuthala amamasulika: pezani amene zidutswa zake zinalumikizidwa posoka, osati odula ndi makina m'mphepete, chifukwa amenewo amatuluka tizidutswa tatifupitifupi. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana. Ukulungeni pamsana pa mpando, mangani malo anayi, nyikani m'madzi ofunda, pachikani ndi botolo la madzi kumunsi, uwongoka. Zidutswa za zitenje kwa atelala nazonso zimagwira, muzidule sentimita imodzi m'lifupi, koma zimafuna ulusi woimirira wotalikirana.

GogoWaFelemu
Muyeso wake ndi uwu: ulusi wopingasa, kaya ndi umodzi kaya mwaphatikiza itatu yopyapyala, ukwane mumpata wa pakati pa ulusi woimirira uwiri osaukankha. Ukanenepa kuposa mpatawo, woimirira umaonekera timadontho toyera ngakhale mugogode bwanji. Pa tapestry yabwino woimirira saoneka konse. Kuphatikiza yopyapyala kumakupatsaninso mitundu yapakati. Madzi a nyanja kuchoka kugombe kupita kozama mumawapanga posintha ulusi umodzi pa itatu: iwiri yowala ndi umodzi wakuda, kenako umodzi wowala ndi iwiri yakuda.

Mitundu iwiri ikakumana pamzere umodzi, uliwonse ubwerere pa ulusi wake woimirira, ndipo oyandikana aziyenda mosemphana, wina kumanja wina kumanzere, kukumana kenako kusiyana. Akayenda mbali imodzi, posuntha malire mupeza ulusi uwiri mumpata umodzi ndipo woimirira uonekera. Malire akakwera mowongoka pamatsala mng'alu. Wosapitirira sentimita imodzi usiyeni, wautali muusoke kuseri ndi singano, kapena mitundu iwiriyo izizungulira ulusi woimirira umodzi mosinthana, ngakhale malire ake amatuluka a manomano. Chithunzi chokhala ndi mizere yambiri yoimirira, monga migwalangwa kapena mlongoti wa ngalawa, chiombeni chogona chammbali, mudzachiimike pochipachika.

Ngalawa_Chembe
Jambulani chithunzi papepala ndi cholembera chakuda, muchimange kuseri kwa ulusi woimirira. Popanda chimenechi chambo chimatuluka chopindika.

UlusiWaThonje
Pamenepo sindikuvomereza kwathunthu. Ku Harrania, pafupi ndi Cairo, Ramses Wissa Wassef anayamba kuphunzitsa ana kuomba m'zaka za m'ma 1950, ndipo lamulo lake linali lakuti pasakhale chojambula chotsatira, mwana aombe zimene zili m'mutu mwake. Ntchito za kumeneko zinatchuka dziko lonse. Ku Oodi ku Botswana nako amaomba za moyo wa m'mudzi mwawo. Wophunzira akazolowera kutsata pepala la mphunzitsi, tonse tidzagulitsa chambo chimodzimodzi ndi dzuwa lolowa limodzimodzi. Pali zambiri zoti ziombedwe kuno: thandala la usipa, amayi pamjigo, njinga za kabaza pamlatho wa Bakili Muluzi.

Ngalawa_Chembe
Pepalalo ajambule yekha wophunzirayo, sindinanene la mphunzitsi. Wogula akaitanitsa chinthu cha muyeso wakutiwakuti, popanda pepala simukwanitsa.

GogoWaFelemu
Nonse muli ndi mbali. Koma felemu yoyamba isakhale ndi chithunzi n'komwe. Masentimita asanu a mtundu umodzi, kenako mizere, kenako makona atatu, kenako chozungulira. Chozungulira chimatuluka chophwatalala chifukwa mizere ya pamwamba imapsinja ya pansi, ndiye muchiombe chotalikirapo pang'ono kuposa m'lifupi mwake.

UlusiWaThonje
Komanso tisamaone ngati kuomba ndi kwachilendo. Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo. Nsalu za kufakitale ndi zimene zinadzazimitsa lusoli. Thonje likulimidwabe kuno, ku Balaka ndi ku Salima. Ulusi wopota pamanja umamwa reactive ndi indigo bwino ukawiritsidwa kaye ndi soda ash, ndipo apa ntchito zanu ziwiri zimakumana. Kulungani ulusi wa thonje m'chinkhata, mangani malo ena zolimba ndi malegeni kapena timizere ta jumbo, nyikani. Pomwe munamanga pamatsala poyera. Mukauomba ngati wopingasa umatulutsa timizere toduka tooneka ngati kunyezimira kwa madzi, popanda kusintha ulusi. Imeneyi ndi njira ya ikat.

Mlaza_Nkope
Nanga utoto wa zomera? Alendo amaufunsa.

SodaAsh265
Umatheka koma thonje limafuna kukonzedwa kawiri. Liyambe lagona m'madzi a tiyi wakuda kapena a makungwa, kenako mu alamu, mankhwala othandiza utoto kugwira pa ulusi, magalamu 15 pa magalamu 100 a nsalu. Makoko a anyezi amapereka chikasu chofiirira, nthangala za mapeyala mtundu wa pinki, makungwa a mbawa wa khofi. Madzi a misomali yadzimbiri amadetsa yonseyi. Chidede ndi turmeric zimakongola tsiku loyamba koma zimasuluka msanga. Yambiri imafuna moto, ndiye ndi ya nsalu yomanga ndi ulusi, osati ya phula. Makungwa tengani pa nthambi zodulidwa kale kapena kwa ocheka matabwa, musasende mtengo wamoyo mozungulira, umauma.

Chiwondo_Mpondasi
Tapeza nsalu ina, yayaka n'kusiya phulusa lokha. Mafunso awiri otsiriza: phula tichotse bwanji, ndipo tapestry ikatha tiidule bwanji pa felemu?

NjuchiZaKuNamwera
Tsukuluzani kaye utoto wotsalira ndi madzi ozizira. Wiritsani madzi ambiri mumphika waukulu wa ntchito yomweyi, ikanimo nsalu, takasani mphindi zisanu mpaka khumi, phula limayandama. Musaitulutse kudutsa m'phula losungunukalo, imalitolanso. Ikanikizeni pansi ndi mwala, phulani mphika, uzizire, chotsani chibuluma pamwamba, kenako nsalu. Phulalo liumitseni, ligwiranso ntchito, makamaka pa ming'alu, koma lisakhale ndi dontho la madzi polisungunulanso chifukwa limathetheka. Bwerezani kuwiritsa ndi sopo ngati nsalu ikadali yolimba. Kusita pakati pa mapepala kumachotsa lambiri koma kumasiya mthunzi wa mafuta kuzungulira chithunzi, ndipo nyuzipepala imasiya inki, choncho gwiritsani pepala la khaki losalembedwa, ndipo muwiritsebe pambuyo pake. Madzi a phula asapite m'paipi, amatseka.

GogoWaFelemu
Musanadule, ombani masentimita awiri a mtundu umodzi oti mudzapinde, monga munachitira pansi, ndipo mutseke ndi mzere wa mfundo, twaini azungulire ulusi woimirira uliwonse. Siyani masentimita osachepera 10 a ulusi woimirira mbali zonse ziwiri. Dulani kuyambira pakati kupita m'mphepete, pang'onopang'ono, kuti nsalu isakokere mbali imodzi. Igoneke patebulo tsiku limodzi kapena awiri ikhazikike. Mangani ulusiwo uwiriuwiri, pindirani kuseri, sokererani kansalu ka thonje pamwamba pake kokhala ndi mpata wolowetsa ndodo. Michira ya kuseri muidule itsale masentimita awiri, ya pafupi ndi m'mphepete muilowetse mkati ndi singano kuti isasuzumire. Mukafuna kusita, ikani nsalu yonyowa pamwamba, simbi ingokhudza osaiyendetsa, ndipo ngati wulu ndi wa acrylic simbi ikhale yofunda chabe, chifukwa akatenthedwa amaphwatalala osadzukanso.